"Ndiwerenge ciyani?" M'mene owerenga amauzirana mabuku

Taganizirani buku limene munaliwerenga mpaka tsamba lomaliza posacedwapa. Munalidziwa bwanji? Ambiri a ife tikafunsidwa funso limeneli timachula munthu: mphunzitsi wa Cipwitikizi wa ku sekondale, mlongo amene anabwera nalo kucokera ku Beira, kapena mnzathu wa ku kwaya amene anangotiikira m'manja n'kunena kuti, "Iwe, tenga ili, ukandiuze Lamlungu." Ku Ulónguè, ku Furancungo kapena ku Metangula simungayende m'msewu n'kumaona zikwangwani zotsatsa mabuku ngati zija za makampani a foni. Buku likakufikani, nthawi zambiri ndiye kuti pali wina amene analiyankhulira.

Conco ngati mumakonda kuwerenga, dziwani kuti muli pa nchito kale ngakhale palibe anakulembani. Anzanu amadalira pakamwa panu kuti adziwe coti awerenge. Nchito imeneyi ili ndi luso lake, ndipo ikagwiridwa mwacisawawa imawononga. Munthu amene wangophunzira kumene kuwerenga mukamupatsa buku lomulemera, sanena kuti bukulo n'lovuta ayi. Amati, "Aaa, ine mutu wanga ndi wouma," n'kusiya zowerengazo. Kalembera wa mu 2017 anapeza kuti m'Moçambique anthu 39 pa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Pamene dziko linkalandira ufulu mu 1975 anali oposa 90 pa 100 alionse. Tayenda ulendo ndithu, koma kuwerenga kuli ngati njira ya kudimba: ukasiya kuyendamo, udzu umabwerera.

Ndakatulo zimene zinayenda pamanja zaka 50

Kuti muone mphamvu ya kuuzana, tamvani za Noémia de Sousa. Mayi ameneyu anabadwira ku Catembe, tsidya lina la Maputo, mu 1926. Ndakatulo zake zambiri anazilemba pakati pa 1948 ndi 1951, ali mtsikana, dziko lili m'manja mwa atsamunda. Zina zinatuluka m'nyuzipepala monga O Brado Africano. Mu 1951 anacoka kupita ku Lisboa, osasiya buku lililonse loti munthu angagule. Koma ndakatulozo sizinafe. Anthu ankazikopera, kuzitayipa pa makina, n'kumapatsirana. Buku lake, Sangue Negro, linadzatuluka mu 2001, losindikizidwa ndi bungwe la alembi la Associação dos Escritores Moçambicanos, kutangotsala caka cimodzi kuti iye amwalire. Pofika nthawiyo n'kuti dzina lake likudziwika kale dziko lonse.

Ndani anasunga ndakatulo zija kwa zaka zonsezo? Owerenga. Ndipo pa nthawi ya PIDE, polisi yacinsinsi ya atsamunda, pepala lodzudzula ulamuliro sukanangolipereka kwa aliyense wokumana naye. Unkayamba wamudziwa munthuyo, n'kutsimikiza kuti mawu amenewa amulowa mumtima. Lero palibe amene angakumangeni cifukwa copatsa mnzanu ndakatulo, koma phunziro lake lidakalipo: buku limayenda bwino likapita kwa munthu amene mwamusankhira.

Yambani ndi munthu, buku libwere pambuyo

Colakwa cofala pakati pa anthu okonda kuwerenga n'cakuti buku likatikomera timafuna kuti aliyense aliwerenge lero lomwe. Koma ndiwo imene yakoma kwa inu si ndiye kuti ikomera mlendo wanu. Mnzanu akakufunsani kuti, "Ndiwerenge ciyani?" musathamangire kuyankha. Mubwezereni mafunso.

Mufunseni kuti comaliza cimene anawerenga n'kusangalala naco n'ciyani. Asacite manyazi ngati yankho ndi nkhani ya Yosefe ya m'Baibulo, tsamba la mpira la m'nyuzipepala, kapena kabuku ka ulimi wa mbatatesi. Yankho lililonse likukuuzani kanthu. Wokonda nkhani ya Yosefe amakonda nkhani za abale, nsanje ndi kukhululukirana. Wa tsamba la mpira amafuna zinthu zoyenda msanga.

Mufunseninso cilankhulo cimene amamasuka naco akamawerenga yekha. Pali anthu amene amayankhula Cinyanja kunyumba koma anaphunzira kuwerenga m'Cipwitikizi cokha, moti tsamba la Cinyanja limawavuta masiku oyamba. Ena anaphunzira m'makalasi a zilankhulo ziwiri, amene anayesedwa koyamba ku Tete ndi ku Gaza kuyambira mu 1993 mpaka 1997 ndipo pambuyo pake anafalikira m'zigawo zina. Enanso, makamaka a m'malire, anaphunzirako ku Malawi pa nthawi ya nkhondo ndipo Cingelezi sicinawacoke.

Comaliza, dziwani nthawi imene ali nayo. Mayi amene amawerenga mphindi khumi ana atagona, ndi kuwala kwa foni kapena kwa nyali ya sola, safunika buku la masamba 400. Mupatseni la nkhani zifupizifupi, kuti usiku uliwonse azigona atamaliza kanthu. Kumaliza kumapatsa mphamvu. Nyengo nayonso muiganizire: m'Disembala, anthu ali kalikiliki ndi kupalira, buku lalikulu limangogona pansi pa mphasa. Lisungeni mpaka akolole.

Zoti munene, ndi poti mulekere

Mawu akuti "ndi labwino kwambiri" sanakokepo munthu. Aliyense amanena zomwezo za buku lililonse. Mukamauza mnzanu za buku, chulani dzina lake ndi la mlembi momveka bwino, ndipo ngati n'kotheka mulembereni pa kapepala kapena mujambulireni cikuto pa foni. Mabuku ambiri amatayika panjira cifukwa munthu anangomva kuti "lija la galu lija."

Kenako mufotokozereni poyambira nkhani, n'kulekera pamene mtima wayamba kufuna kudziwa. Tiyeni titenge "la galu" lomwelo. Ndi Nós Matámos o Cão-Tinhoso, la Luís Bernardo Honwana, limene linatuluka mu 1964 mlembiyo ali ndi zaka za m'ma 20 zoyambirira. Mungauze mnzanu motere: "Muli galu wokalamba, wa zilonda thupi lonse, amene amangoyendayenda pafupi ndi sukulu. Akuluakulu atuma gulu la anyamata kuti akamuphe. Mmodzi mwa anyamatawo, amene akusimba nkhaniyo, sakufuna, koma akuopa kuti anzake amuseka kuti ndi wamantha." Basi, lekerani pomwepo. Munthu aliyense amene anacitapo cinthu coipa poopa kusekedwa afuna kudziwa kuti zinatha bwanji.

Cimodzimodzi ndi Sikusinja ndi Gwenembe, buku la Cinyanja la John Gwengwe la ku Malawi. Nenani kuti ndi nkhani ya anyamata awiri apacibale amene anapita kukafuna nchito kutali, wina wakhama, wina wosasamala, ndipo tsiku lobwerera kwawo lafika. Zocitika panjira musaziulule. Wouza mnzake mathero a buku ali ngati munthu amene wakutafunirani nzimbe n'kukupatsani makoko.

Cinanso, nenani cimene bukulo linakucitani inuyo. Kodi munaseka? Munakwiya? Munakumbukira agogo anu? Zimenezi mnzanu sangazipeze pa cikuto. Ndipo musabise zovuta zake. Ngati masamba 20 oyamba ndi ozizira, muuzeni kuti apirire, kutsogolo kuli moto. Ngati muli mawu otukwana, nkhani za kucipinda kapena za kuphana, mucenjezeni, makamaka ngati ndi munthu wamkulu kwa inu kapena ngati bukulo likagona m'nyumba ya ana. Munthu wocenjezedwa amasankha yekha, ndipo mawa adzakukhulupiriraninso.

Buku lililonse ndi mwini wake

Nazi zitsanzo zina za m'mene mungalumikizire buku ndi munthu.

Kwa mayi kapena bambo amene nkhani za m'banja zimamukhudza, pali Niketche la Paulina Chiziane, la mu 2002. Rami, mkazi wa mkulu wa polisi, atulukira kuti mwamuna wake ali ndi akazi ena ocokera m'zigawo zosiyanasiyana za dziko lino, ndipo aganiza zokawafunafuna mmodzimmodzi. Bukuli limayankhula za mitala, za cinamwali ndi za kusiyana kwa miyambo ya kumwera ndi ya kumpoto mosapsatira, conco ndi la akuluakulu. Chiziane ndiye mkazi woyamba wa m'Moçambique kutulutsa buku la nkhani yaitali, mu 1990, ndipo mu 2021 analandira mphoto ya Camões, yaikulu kuposa zonse kwa olemba m'Cipwitikizi. Koma mnzanuyo sadzaliwerenga cifukwa ca mphoto. Adzaliwerenga cifukwa mwamuuza kuti, "Amayi, umu muli nkhani ija timakambirana kucigayo ija."

Kwa amene anakula m'nthawi ya nkhondo ya zaka 16, kapena mwana amene makolo ake safuna kuikamba, pali Terra Sonâmbula la Mia Couto, la mu 1992, caka comwe nkhondoyo inatha. Nkhalamba ina, Tuahir, ndi mnyamata Muidinga abisala m'basi yopsa m'mbali mwa msewu. Pafupi pomwepo apeza makope olembedwa ndi munthu wina dzina lake Kindzu, ndipo mnyamatayo ayamba kuwerengera nkhalambayo usiku uliwonse. Apa cenjezo ndi lofunika kawiri. Coyamba, Couto amapanga mawu akeake a Cipwitikizi amene simungawapeze m'dikishonale, moti woyamba kumene angaganize kuti vuto ndi iyeyo. Caciwiri, kwa munthu amene anathawira ku Malawi kapena ku Zambia atataya abale, bukuli lingatsegule bala. Mufunseni kaye ngati ali wokonzeka.

Kwa wokonda mbiri yakale pali Ualalapi la Ungulani Ba Ka Khosa, la mu 1987, lonena za Ngungunhane, mfumu ya ufumu wa Gaza imene Apwitikizi anaigwira ku Chaimite mu 1895. Ndi lalifupi koma lili ndi magazi ambiri, ndipo silimuonetsa mfumuyo ngati ngwazi yopanda banga. Wina amene anazolowera mbiri ya m'mabuku a sukulu adzadabwa, ndipo kudabwako ndiye poyambira maceza abwino.

Mwina munamvapo za mndandanda wa mabuku 100 opambana a mu Africa a zaka za m'ma 1900, umene unalengezedwa mu 2002 ndi a cionetsero ca mabuku ca ku Zimbabwe. Terra Sonâmbula linali m'gulu la 12 apamwamba pa mndandandawo. Mindandanda yotere imathandiza kudziwa mayina, koma mndandanda sudziwa kuti mnzanu wafedwa mwezi watha, kapena kuti maso ake savomera zilembo zing'onozing'ono. Zimenezo mukudziwa ndi inu.

Mabuku a m'cilankhulo cathu

Tinene zoona: mabuku a nkhani a Cinyanja osindikizidwa m'Moçambique ndi ocepa kwambiri. Ambiri amene alipo ndi a sukulu ndi a chalichi. Koma cilankhulo cathu sicilekera pa malire. Tsidya la Calómuè, la Zóbuè, la Mandimba ndi la Cassacatiza anthu akhala akulemba m'cilankhulo comweci kwa zaka zoposa 100, ndipo mabuku awo ndi athunso.

Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Malawi, analemba Nthondo, limene linapata mphoto pa mpikisano wa zolemba m'zilankhulo za mu Africa mu 1933. Limatsata moyo wa munthu mmodzi wa kumudzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, ndi zolakwa zake zonse. Ntara yemweyo analembanso Mbiri ya Achewa. Gwengwe, kupatula la Sikusinja lija, ali ndi Kukula ndi Mwambo, limene akuluakulu ambiri amalikonda cifukwa amapezamo makhalidwe amene anakuliramo. Willie Zingani analemba Njala Bwana. Ku Zambia, Julius Chongo anachuka ndi nthano zake za pa wailesi za Poceza m'Madzulo, ndipo ali ndi buku lochedwa Fumbi Khoboo!

Mukamapatsa mnzanu buku la ku Malawi, muuzeni kanthu kamodzi kamene kamakhumudwitsa ambiri: kalembedwe. Kuno, potsata mfundo zimene akatswiri a zilankhulo anayamba kugwirizana pa msonkhano wa ku Maputo mu 1988, timalemba "cinthu" ndi "nchito". Ku Malawi amalemba "chinthu" ndi "ntchito". Kachulidwe n'kamodzi. Munthu amene anaphunzira kuwerenga m'Cipwitikizi akaona "ch" lilime limathamangira ku "sh", monga m'mawu akuti chapa, ndipo akaona "c" amafuna kuchula "s" kapena "k". Khalani naye pansi, muwerenge limodzi tsamba loyamba mokweza. Akangomva kuti ndi mawu omwe aja amayankhula tsiku ndi tsiku, amaseka, ndipo kuyambira pamenepo amayenda yekha. Muuzeninso kuti akumana ndi mawu obwereka ku Cingelezi pamene ife timabwereka ku Cipwitikizi. Zimenezo n'zazing'ono, nkhani imazimasulira yokha.

Kuuza munthu buku n'kumuuzanso kumene lili

Kumuuza mnzanu za buku limene sangalipeze kuli ngati kumununkhiza nyama ya eni. Pamene mukumuuza dzina, muuzeninso njira. Kodi lili ku nyumba ya mabuku ya cigawo, ija timangoti biblioteca, ku Tete kapena ku Lichinga? Lili ku sekondale, kapena ku parishi? Lili ndi mphunzitsi wina wopuma nchito? Amagulitsa pansi pa mtengo pafupi ndi msika, pamodzi ndi mabuku akale a sukulu? Alipo wamalonda amene amaoloka malire sabata ndi sabata woti mungamutume?

Nthawi zambiri njira yake ndi inu nomwe, ndipo apa ndi pamene maubale ambiri a owerenga amathera. Akale anati nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka. Buku limapita, miyezi itatu, cete. Mukafunsa, akuti analibwereka mlamu wawo wa ku Domué. Ena atapsa kamodzi amatseka mabuku awo m'sutikesi, ciswe n'kumawerenga cokha. Pali njira yabwino kuposa imeneyo.

Sungani kope limodzi lolembamo dzina la buku, dzina la wobwereka ndi tsiku. Lembani iye akuona, ndipo muzitero ndi aliyense, ngakhale acimwene anu, kuti pasakhale woganiza kuti mukumukayikira. Gwirizanani tsiku lobweza pamene mukupereka, monga "pa msika wa Loweruka la mawa lija." Nenani poyera kuti wina akalifuna abwere kwa inu, lisadumphe kucoka dzanja kupita dzanja. Likutireni ndi pepala lolimba, ndipo m'dzinja liziyenda m'pulasitiki. Lembani dzina lanu mkati mwa cikuto ndi pa tsamba lina la pakati, cifukwa cikuto cimathothoka.

Ngati muli anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi okonda kuwerenga, citani ngati xitique. Aliyense aike buku limodzi, ndipo pakutha pa mwezi mabuku azisuntha dzanja limodzi. Munthu amene anali ndi buku limodzi awerenga asanu osatulutsa metikali ngakhale imodzi. Mukazolowerana mungasonkhe pang'onopang'ono n'kutuma munthu kukagula latsopano. Wobweza mocedwa amadziwa kuti akucedwetsa gulu lonse, ndipo manyazi amenewo amagwira nchito kuposa kukalipa kwanu. Paja kupatsa n'kuika.

Buku likabwerera

Nchito sithera pa kupereka. Tsiku lobweza ndiye lokoma. Musamufunse ngati mayeso a kusukulu kuti, "Mutu wa nkhani ndi wotani?" Mufunseni kuti ndi munthu uti m'bukumo amene anamukwiyitsa, kapena pamene anaima n'kuika buku pansi. Mukhoza kudabwa kumva kuti iye anamvera cisoni munthu amene inu munamuda. Pamenepo ndiye kuti buku limodzi mwaliwerenga kawiri.

Nanga akabweza osamaliza? Musakwiye, ndipo musamucititse manyazi. Mufunseni pamene analekera ndi cifukwa cake. Akati mawu anali ovuta, mwadziwa kuti lotsatira likhale lopepuka. Akati nkhani inali yozizira, mupatseni yothamanga. Akati zilembo zinali zing'onozing'ono, mwina vuto ndi maso, ndipo cofunika ndi kucipatala, osati buku lina. Kukana buku limodzi si kukana kuwerenga. Ngakhale owerenga akuluakulu ali ndi mabuku ochuka amene anawasiyira pakati.

Musaiwalenso kufunsa inuyo. Munthu amene amangouza ena koma iye samva za wina amatopetsa, ndipo pamapeto pake amangozungulira pa mabuku a mtundu umodzi. Funsani mwana wa sekondale cimene anzake akulimbirana. Funsani agogo amene amawerenga Buku Lopatulika lokha kuti ndi nkhani iti imene amaibwereza kawirikawiri, ndipo cifukwa ciyani. Ngati agogowo maso anafooka, kapena sanapite kusukulu, citani zimene Muidinga ankacitira Tuahir: awerengereni madzulo, tsamba limodzi kapena awiri. Iwonso ndi owerenga, amawerenga ndi makutu, ndipo mawa mudzawamva akuuza anzawo pa bawo kuti, "Kuli buku lina mdzukulu wanga akundiwerengera, mubwere mudzamve."

Sabata ino, sankhani buku limodzi mwa amene muli nawo, ngakhale long'ambika cikuto. Ganizirani munthu mmodzi amene lingamuyenere, ndi cifukwa cake. Konzani ziganizo zitatu zoti mumuuze, osaulula mathero. Lembani dzina lake m'kope, mugwirizane tsiku lobweza, ndipo pa tsikulo mukhale ndi nthawi yoti mumve zimene iye waonamo.